Tsiku limene ndinapulumutsa pulofesa

Akazi anga amati ndinawachititsa manyazi pa Chitakale. Ine ndimati ndinapulumutsa banja. Muweruze nokha.

Mwana wanga Felesiya ndi pulofesa. Anayamba kuphunzitsa pulayimale ku Limbuli, kenako koleji, kenako kunja, lero ali ku yunivesite. Ntchito yake akuti filosofi ya maphunziro (ine ndinalekeza Sitandade 2, koma mawuwo ndimawatchula bwino kuposa ena a mataye).

Atamuitana kudzayankhula kwa aphunzitsi a kwathu kuno, ndinauza msika wonse. Ndinakhala kutsogolo, jekete ili pathupi.

Felesiya anaimirira n'kufunsa, "Kodi munthu wophunzira ndi wotani?" Kenako zii. Ndinati mwina akumeza malovu.

Mphunzitsi wina anayankha. Felesiya anati, "Mwina. Sindikudziwa." Winanso anayesa, iye n'kumufunsanso funso lina. Pomaliza anati, "Ine ndafufuza zaka zambiri, yankho lokwanira sindinalipeze."

Pagulu! Pamaso pa anthu amene ndinawauza kuti mwana wanga amadziwa zonse!

Ndinadzuka (mawu anga ndi aukapitawo wa kumunda wa tiyi, safuna maikolofoni). "Pepani aphunzitsi, mwanayu watopa ndi ulendo. Amadziwa, kungoti zamuthawa. Ndimuyankhira ndine bambo wake."

Holo yonse inafa ndi phwete. Akazi anga anakoka jekete mpaka batani linathothoka.

Ndinapitiriza. "Wothyola tiyi watsopano timamuuza kuti azithyola masamba awiri ndi kansonga. Akamathyola bwino kapitawo ali pomwepo, sanaphunzire, akungoopa. Wophunzira ndi amene amathyola bwino kapitawo atachoka."

Kuseka kunatha. Ena anayamba kulemba.

Felesiya anati, "Ababa, musakhale kaye. Nanga kapitawo akalakwitsa, wothyola uja amuuze?"

Zaka zanga zonse ku esiteti palibe anandiuzapo kuti ndalakwa. Ndinayang'ana denga, ndinayang'ana nsapato. "Amuuze," ndinatero. "Koma apite naye pambali."

M'manja mmene munaombedwera, inu!

Panja anandinong'oneza, "Ababa, sindinaiwale. Kufunsa ndiye ntchito yanga. Ndimafuna aganize okha."

"Ndiye ukanapita nane pambali tisanalowe," ndinamuyankha.

Akazi anga akuti ulendo wina ndidzatsala kunyumba. Sizingatheke. Mwanayo mpaka lero mayankho alibe, ndimusiye yekha?