Tsiku Limene Ndinatuluka ndi Sutikesi ndi Bulangete

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti anthu akuikamba molakwitsa pamjigo ndi kumsika, kuli bwino ndiifotokoze ndekha mwadongosolo. Ndi yochititsa manyazi, ndipo wochita manyaziyo ndine: mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu amene wakhala akulangiza maanja a anzake kwa zaka zambiri.

Chaka chatha ndinalonjeza adzukulu anga atatu a ku Blantyre kuti pa holide yaikulu ndidzapita nawo kumpoto, kumene mapiri amatsetsereka mpaka kukamira m'nyanja. Ndinafikako kamodzi ndili mnyamata ndipo sindinaiwaleko. Anawa nyanja amangoiona pafoni. Wamng'ono, Tadala, anandikola chala nati, "Agogo, mwalonjezatu." Ine ndikalonjeza, ndalonjeza.

Kumishoni kumene ndinaphunzira anatiphunzitsa kuti chinthu chachikulu chilichonse chimayamba ndi rehearsal. Sewero la Khirisimasi, rehearsal. Kulandira alendo, rehearsal. Nanga ulendo wa masiku asanu, ndi ana atatu opulupudza, munthu angaunyamuke bwanji osayeserera?

Poyamba ndinalemba timetable n'kuimata pachitseko. Zonse zinalimo: kudzuka, kupemphera, kukwera phiri, kusambira mphindi makumi awiri madzi osapitirira m'mawondo, ndi kusangalala kuyambira 3 koloko mpaka 4 koloko.

Mkazi wanga, a Nachisale, anaiwerenga atagwira m'chiuno.

"Nanga mwana akaseka 2 koloko, mumulemba dzina?"

"A Nachisale, order ndi order."

"Ana akupita kukasewera, bambo. Sakupita kundende."

Timetable ndinaisiya pomwepo pachitseko. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali china. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pa Thambani, pamene timakwerera pikiapu ya kuboma, ndi mtunda wa zitunda zokhazokha. Chimanjamanja ndimadziwa nthawi imene ndimatenga. Koma ndi katundu? Pikiapu yoyamba ikadzaza imanyamuka, ndipo ukaiphonya waphonyanso basi ya pa Zalewa. Ndinaganiza zoti Lachiwiri tiyeserere, katundu kumutu, wotchi pamkono.

Apa ndikumbutse chinthu chimodzi chimene ine ndinachiiwaliratu. Mudzi umene ndimakhala si kwathu. Kwathu ndi kwa Nthache, kuno ndinabwera kudzakwatira. Ngakhale ndamanga nyumba ya malata ndi kubzala manachesi munda wonse, ndine mkamwini basi. Ndipo aliyense kuno amadziwa mmene mkamwini amachokera banja likatha: mkazi amatulutsa katundu pakhonde, mwamuna amanyamula sutikesi ndi bulangete lake, n'kumapita osatsanzika munthu.

Lachiwiri m'mawa ndinaimba wezulo.

"Katundu akhale pakhonde 6 koloko! Inunso valani nsapato, tikunyamuka!"

A Nachisale anali asanamwe tiyi. Anakoka sutikesi yanga kuchokera kuchipinda, n'kuigwetsa pakhonde kuti phi! Bulangete analiponya pamwamba pake. Kenako anakweza mawu mpaka nkhuku kubalalika.

"Nayu katundu wanu! Ine zimenezi ndatopa nazo. Pitani nokha!"

Chitseko mba!

Kutsidya kwa mpanda wathu, a Naphiri oyandikana nafe ankasesa pabwalo. Ndinaona tsache likuwagwa m'manja. Ndinangoti mwina nyamakazi. Ndinayang'ana wotchi, ndinasenza sutikesi, bulangete m'khwapa, ulendo.

Woyamba kukumana naye anali alamu anga a Zuze, mchimwene wawo wa a Nachisale, amenenso ali nkhoswe ya banja lathu. Ankamangirira mbuzi m'mbali mwa njira.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Nanga katunduyu?"

Moni wa a Zuze ndimaudziwa. Amafunsa za mwendo, za mvula, za mbuzi imodziimodzi. Ukanandiwonongera mawerengedwe onse. Ndinangokweza dzanja, nkhope ili gwa, n'kudutsa.

"Alamu! Alamu! Taimani tikambirane!"

Ndinawonjezera liwiro.

Pamjigo amayi anasiya kupopa. Onse maso pa ine, ena atagwira pakamwa. Ndinamva wina akuti, "Mayo ine, ngakhale awa?" Ndinaganiza kuti akudabwa kuona nkhalamba yamphamvu chonchi. Ndinawongola msana, n'kuyamba kuponda ngati msilikali.

Pa Thambani ndinafika nditatha ola limodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Ndinalemba m'kabuku. Kenako ndinalowera kusitolo ya Che Saidi, amene amagula mtedza, kuti ndiyeze sutikesiyo pasikelo yawo. Sindinadziwe kuti nkhani inali itandipitirira kale pa kabaza.

Che Saidi sanandilole n'komwe kufika pasikelo. Anandilandira katundu, anandikhazika pampando wawo, anaitanitsa tiyi wamkaka.

"Aphunzitsi, pepani kwambiri. Izi zimagwera aliyense."

"Zikomo, koma phewa lokha ndi limene likuwawa."

"Limbani mtima. Ngati lero mulibe kogona, kuseriku kuli chipinda. Timasungamo mtedza, koma n'chosesa bwino."

"Ndigone m'mtedza chifukwa chiyani?"

Asanayankhe, foni yanga inalira. Anali mwana wanga Esinati, mayi wa adzukulu aja, kuchokera ku Blantyre.

"Adadi! Zoona zimenezi? Pa msinkhu wanuwo?"

"Choyamba, mwana amapereka moni. Chachiwiri, zoona ziti?"

"Zoti amayi akuthamangitsani! A Naphiri andiimbira. Akuti bulangete anachita kukuponyerani!"

Kapu inandipulumuka. Tiyi yense pathalauza. Ine? Kuthamangitsidwa? Pafoni pomwepo ndinamva Tadala akulira mofuula, "Agogo, ndiye kunyanja sitipitanso?"

"Esinati, tamvera. Iyi ndi rehearsal!"

"Rehearsal ya chiyani, adadi? Ya kutha kwa banja?"

Nthawi yomweyo kabaza anaima pakhomo pa sitolo. Anatsika a Zuze, thukuta kamukamu, chingwe cha mbuzi chidakali m'manja.

"Alamu, zaka zonsezi takhala bwinobwino. Mungachoke ngati wakuba, osauza ankhoswe? Tiyeni kumudzi. Mng'ono wanu ndamuimbira kale, ali m'njira."

"Mwaitana Yohane? Kuchokera kwa Nthache?"

"Nanga mlandu wa banja tingaukambe mbali imodzi?"

Ndinayesa kufotokoza. A Zuze anangoti zonse ndikanene kubwalo. Sutikesi anainyamula okha, kuopa kuti ndingathawe nayo. Ndinabwerera kumudzi ndili pambuyo pa mlamu wanga ngati mbuzi yogwidwa m'munda mwa eni, thalauza lili ndi mapu a tiyi, msika wonse ukuonerera.

Pofika masana, pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga panali anthu kuposa a pa Sande ya zokolola. Kutsogolo kwenikweni kunakhala maanja onse amene ndinawalangizapo. Bambo wina amene ndinamudzudzula mwezi wathawu chifukwa chosiya mkazi anabwera ndi kampando kake, ndi nzimbe. Sutikesi anaiika pakati pa bwalo. A Zuze analamula kuti isalowe m'nyumba, ngakhale mwini wake, mpaka nkhani itatha.

Ndinaimirira. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: lonjezo kwa adzukulu, zitunda, pikiapu yoyamba, basi ya pa Zalewa. Ndinaonetsa kabuku. Ndinaonetsa wotchi.

A Zuze anapukusa mutu.

"Alamu, ine ndakula ndithu. Ndaonapo anthu akuyeserera kwaya. Ndaonapo akuyeserera ukwati. Koma woyeserera kunyamula sutikesi sindinamuonepo. Tiuzeni zoona, tikuthandizeni."

"Zoona ndi zimene ndanenazi!"

Yohane, mng'ono wanga weniweni, amene ndinamuphunzitsa ndekha kulemba dzina lake, anatsokomola n'kusendera pafupi. Anayesa kunong'ona, koma Yohane khutu linafa, ndiye kunong'ona kwake kumamveka mpaka kudimba.

"Achimwene, kodi kumpotoko kuli wina?"

"Wina? Ine?"

"Nanga mwakutchula kasanu konse."

Bambo wa kampando uja anatsamwa ndi nzimbe.

Zaka zonse zimene ndaima kutsogolo kwa mpingo, tayi pakhosi, zinali kusungunuka pamaso panga ngati mchere m'madzi. Panatsala munthu mmodzi yekha wondipulumutsa. Ndinatembenukira kwa mkazi wanga, amene anakhala pamphasa phee, ngati nkhaniyo ndi ya anthu ena.

"A Nachisale, chonde. Auzeni anthuwa zoona."

Ndinkayembekeza mawu awiri okha. Iwo anakonza chitenje, anakonza duku, anayang'ana khamu lonse lija.

"Za ulendo wa ana akunena zoona. Kumpoto kulibe munthu, angawafune ndani ndi wezulo wawoyu. Koma poti ankhoswe mwabwera kale, sibwino mubwerere chabe. Ndili ndi mawu."



Anayamba ndi wezulo wa m'mawa uliwonse. Anapita ku inspection ya Loweruka, pamene ndimayendera mbale ndi masupuni n'kumayang'ana kuwala kwake padzuwa. Ananena za tsiku limene ndinawalembera mawu akuti "late" pakalendala chifukwa anachedwa kuchokera kumaliro a azakhali awo. Amayi onse anati, "Aaa!"

"Sindinathe. Tili pachibwenzi ndinawalembera kalata. Mtima wanga wonse ndinauika m'menemo. Mukudziwa anatani? Anandibwezera atachonga ndi bolopeni yofiira. Pansi analemba kuti ndilembenso."

Bwalo linaphulika. Ena anagwa pamphasa. Ngakhale Yohane anamva bwinobwino nthawi imeneyi. Ine ndinayesa kunena kuti kalatayo inalibe ndime ngakhale imodzi, koma a Zuze anandiloza chala.

"Alamu, khalani pansi. Nthawi yanu yolankhula inatha."

Ine, kuuzidwa za nthawi!

Ankhoswe anapita kuseri kwa nkhokwe kukagwirizana. Atabwerera anagamula kuti, pa mlandu wodzidzimutsa mudzi ndi kudutsa mlamu osapereka moni, ndipereke tambala. Anagwira tambala wanga wamkulu, amene ndinkasungira adzukulu. Wezulo anandilanda, n'kumupereka m'manja mwa a Nachisale.

Kenako a Zuze anafunsa funso la mwambo, limene ine ndalifunsapo akazi a anthu ena kambirimbiri, koma sindinaganizepo kuti limawawa chonchi kwa amene akudikira yankho.

"Achemwali, amuna anuwa mukuwalandiranso m'nyumba?"

A Nachisale sanafulumire. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, anaima pang'ono pa mapu a tiyi aja, anakwera mpaka kudazi. Akanati ayi, ngakhale mwanthabwala, ine ndikanagona m'mtedza, ndipo Tadala ndikanamuuza chiyani?

Pomaliza anapumira m'mwamba.

"Alowe. Koma ndikuwalandira mongoyeserera. Zenizeni tidzaona tikabwerako kunyanja."

Mkamwini mnzanga, ukafuna kudziwa kulemera kwa sutikesi yako, uinyamulire kuchipinda, chitseko utatseka.