Agapantasi wa M'chisoti cha Kapitawo

Mukadzafika ku Chamboli, komboni ya anthu a kumgodi, n'kumva anthu akutchula za "kapitawo wa masamba", dziwani kuti akunena ine. Musakafunse mkazi wanga, amake Veronika, chifukwa iwo nkhaniyi amaithira mchere wambiri. Bola ndikuuzeni ndekha, ine amene ndinanyamula manyaziwo ndi manja awiri dzuwa likuswa mtengo.

Chinali chaka chimene migodi inagulitsidwa. Ine ndinali kapitawo pansi pa mgodi, munthu woti ndikakhosomola anthu amagwira mafosholo, koma tsiku lina anangotiuza kuti tikapume kunyumba. Ndinatsala ndi nyumba ya kampani yomwe anatigulitsa, kabwalo kake kongokwana mphasa zingapo, ndi chisoti changa cha mumgodi, chong'aluka pamwamba pamene mwala unandigwera kalekale.

Ndiye mwana wathu Veronika anapeza mwamuna wa ku Ndola. Anthu abwino ndithu, a m'maofesi, onunkhira sopo. Tikukambirana za ukwati umene unali kudzachitika mu Disembala, asewere anga aakazi, amake a mnyamatayo, anasuzumira kabwalo kathu n'kunena mokoma mtima.

"Asewere, za maluwa a m'tchalitchi musavutike nazo. Tikudziwa mmene zinthu zilili kuno. Tidzabweretsa apulasitiki."

Mawu akuti "tikudziwa mmene zinthu zilili" anandilasa pamtima, sindinama.

"Apulasitiki? Pa ukwati wa mwana wanga?" ndinatero. "Maluwa ndisiyireni ine. Guwa lonse lidzakhala buluu, kuyambira uku mpaka uko!"

Amake Veronika ananditsina pantchafu mpaka ndinadumpha. (Chibadwire ndinali ndisanadzalepo ngakhale therere.)

Koma sindinkalankhula zam'mutu. Masiku omwewo bwana wina wachizungu wa kumgodi ankapakira katundu kubwerera kwawo, ndipo dona wake ankagawa maluwa pageti. Ine anandipatsa agapantasi, duwa la masamba aatali ngati a anyezi koma otakata, limene limatulutsa phesi, pamwamba pake n'kuchita chibulunga cha timaluwa tabuluu. Anati uwu ndi mtundu waufupi, supitirira m'mawondo, woyenera anthu a mabwalo ang'onoang'ono. Unali mu kamphika kothina, mizu yake yoyera itatulukira kunsi.

"Muusiye momwemo," anatero dona uja. "Umakonda mothina, komanso padzuwa. Mukaupatsa malo ambiri suchita maluwa."

Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinaseka. Ndinati azungu awa n'chimodzimodzi! Ife anatipanikiza m'tinyumba ta zipinda ziwiri, ana kugona pansi pa tebulo, n'kumati timakonda mothina. Lero akuti ndi duwa lomwe? Ayi, kwa ine duwa limeneli lilandira ufulu.

Tsiku lomwelo ndinaswa kamphikako, n'kutenga chikwanje kugawa tsinde lija zidutswazidutswa kuti maluwa achuluke. Ndinakapeza madiramu ku msika wa Chisokone, n'kuwadula pakati, kachidutswa kalikonse diramu lakelake, kukhala ngati bwana m'nyumba ya kumayadi. Kuti madiramuwo akwane pabwalo, repu ndi matimati a amake Veronika ndinazula.

"Atate ake Veronika, tizidya maluwa?" anafunsa.

"Mayi, ine ndinkayendetsa anthu mumdima pansi pa nthaka. Duwa lingandikanike?"

"Safunsa anadya phula," anatero akulowa m'nyumba.

Panatsala chidutswa chimodzi chapakati, cholimba ngati chitsa, chimene chikwanje chinakana, ndipo madiramu anali atatha. Ndinachikankhira m'chisoti chija ndi chidendene (ndinali ndidakali ndi mkwiyo ndi mgodi, ndiye ndinaponda ndi mtima wonse), n'kuthirapo dothi pang'ono, n'kuchiponya kuseri kwa khola la nkhuku padzuwa. Kumeneko chinkangolandira madzi otsukira mbale.

A m'madiramu aja ndiye ndinawalera ngati ana achisamba. Zitosi za nkhuku ndinathira. Feteleza amene amake Veronika ankasungira chimanga ndinabako n'kuthira. Kenaka ndinaopa senta, utsi woyabwa uja wochokera ku ng'anjo ya mgodi, ndiye ndinaguza madiramu onse kuwaika pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi wabwino. Msana unandipweteka sabata yathunthu, koma ndinagona ndikudziyamikira.

Abale, masamba ake! Obiriwira, onenepa, onyezimira ngati apakidwa mafuta. Anthu ankaima pampanda kuonerera. Mnansi wanga bashi Chanda (ndiko kuti atate ake Chanda), Mbemba amene tinkatsika naye mgodi limodzi, ankabwera m'mawa uliwonse ngati woyendera.

"Ba kapitawo, anyezi wanu uyu tidzadya liti?"

"Dikirani mvula yoyamba, mudzatseka pakamwa."

Mvula yoyamba inabwera. Yachiwiri inabweranso. Ndinkagwada n'kumapatula masamba kufunafuna phesi, ngati munthu wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Panalibe ngakhale limodzi. Ndinati mwina njala, n'kuwonjezera feteleza. Masamba anawonjezekanso.

Asewere anga anatumiza uthenga kufunsa ngati abweretse apulasitiki aja mongoyembekezera. Ndinayankha kuti asataye malo m'galimoto. (Inde, ndinayankha choncho, kutatsala masiku ochepa, ndili ndi madiramu a masamba okhaokha. Musandifunse chifukwa chake.)

M'mawa wa tsiku la ukwati ndinaima pakati pa madiramu anga nditavala suti, thukuta lili kamukamu. Ndinachita mantha enieni. Sindinkaopa asewere okha ayi, ndinkaopa nkhope ya Veronika akalowa m'tchalitchi n'kupeza guwa lili mbee, atate ake atalonjeza pamaso pa apongozi ake. Ntchito inali itandithera, ndipo tsopano ngakhale mawu anga ankaoneka kuti atha ntchito.

"Tabwerani kuno, a kapitawo," anaitana amake Veronika kuseri kwa khola.

Chisoti chija! Mapesi angapo ali njo, aliyense ndi chibulunga chake chabuluu, njuchi zikuzungulira. Amake Veronika anali atawaona kalekale potaya madzi a mbale, koma anangokhala chete kuti ndiphunzire. (Zaka zonsezi ndikukhala ndi munthu woopsa chonchi osadziwa.)

Ndinati duwalo ndilizule ndiliike m'mbale yooneka bwino. Ndinakoka, ndinagogoda, ndinapanira chisoti m'miyendo n'kukoka ndi mphamvu zonse mpaka buluku la suti linalira kumbuyo. Mizu inali itagwira chisoti ngati konkire. Ndinati ndiye ndidule mapesiwo.

"Timapesi timeneti mukadula tikaoneka ngati ta mbuzi yadyako," anatero amake Veronika. "Nyamulani momwemo. Naini koloko yakwana."

Ndiye ndinayenda msewu wonse wa Chamboli, suti yong'ambika kumbuyo, nditafukata chisoti cha mumgodi chomera maluwa, dzina langa lolembedwa ndi penti lili poonekera. Amayi ogulitsa makala anaimirira. Bashi Chanda anafuula kuchokera panjinga.

"Ba kapitawo, shifiti yayambanso? Tidikireni, mukwai, tikatenge zathu!"

M'tchalitchi ndinachiika patsogolo pa guwa, chokhachokha, n'kuchichirikiza ndi njerwa kuti chisagubuduke. Anthu anaseka mpaka mphunzitsi wa kwaya anakhala pansi. Asewere anga anaphimba pakamwa ndi kansalu ka m'manja. Ndikanakhala ndi mgodi pafupi ndikanatsikamo osadikira chikepe.

Kenaka Veronika analowa. Atafika kutsogolo anaima, n'kuyang'anitsitsa chisoti chija. Ndi chomwe ankachivala ali kamwana, chikumuphimba mpaka pamphuno, akandichingamira pageti ndikuweruka. Anawerama ndi velo lake, n'kugwira pong'aluka paja ndi chala, misozi n'kuyamba kutsika. Kuseka kunatha. Nditacheuka ndinaona amuna a mbali yathu, amene onse ali ndi zisoti zotere zongokhala pansi pa bedi, atazolika. Bashi Chanda ankamina ngati wagwidwa chimfine. Inenso ndinalira, ndipo sindinabise.

Pamadyerero asewere anga anabwera n'kundigwira dzanja.

"Asewere, nzeru imeneyi munaitenga kuti? Ife sitikanaiganiza."

"Aa, mayi, n'zazing'ono," ndinayankha ndikukonza tayi. "Duwa ili limakonda mothina, komanso padzuwa. Anthu ambiri sadziwa."

Amake Veronika anatsamwa ndi fanta, mpaka anachita kuwamenya pamsana.

Madzulo Veronika anakwera galimoto ya ku Ndola chisoti chili pamiyendo. Sanapemphe n'komwe, anangoti, "Atate, ichi ndi changa." Mpaka lero chili pakhonde pake, ndipo mvula ikayamba chimachita buluu.

Madiramu anga adakali pansi pa mango, masamba okhaokha. Amake Veronika amati ndiwaguzire padzuwa kapena ndiwabwezere malo a repu wawo, koma ine ndikuwapatsa chaka china, chifukwa ufulu sazolowera tsiku limodzi. Ana onse anachoka tsopano, m'zipinda ziwiri zija muli malo oti munthu n'kuvina. Nthawi zina ndimakhala pakhomo n'kumaganiza kuti dona uja mwina sankanama kwenikweni. Koma amake Veronika musakawauze kuti ndatero.