Tsiku limene ndinatseka mphuno za nyumba ya sayansi

Anzanga, ntchito yodzituma wekha njoopsa. Ine ndinali nditangolembedwa kumene ngati woyang'anira nyumba yatsopano ya sayansi pa yunivesite ina kuno ku Chipata, ndisanakhazikitsidwe, ndili pa nthawi yoyesedwa. Ndiye tinamva kuti kubwera alendo odzaona nyumbayo, pamodzi ndi Mayi Zulu amene anajambula pulani yake. Ndinati eya, apa mpodzionetsera.

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba ku Kapata, ndipo ankati khoma la mabowo ndi manyazi a mmisiri. Tsono ine ndikayang'ana m'mwamba mwa labu, chipinda chofufuziramo, ndinkaona mzere wa mabowo, njerwa zotalikirana, mphepo ikungolowa ngati kwawo. Ndinati amisiri aja anathawa ntchito isanathe. Alendo aone zimenezi ine ndilipo? Ndinabwereka makwerero, ndinatola makatoni a sopo kumsika, bowo lililonse tseke, ena ndi masaka a fetereza.

Kutsika pamenepo, ndinaona khoma la kumadzulo litayangidwa ndi zomera mpaka pamawindo. Kwathu alendo akamabwera timalambula, si choncho? Nanga njoka zikabisalamo? Ndinagwira chikwanje, zonse pansi, ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Panayera bwino, osanama.

M'mawa mwake, mwezi wa Okutobala uja, labu inali ngati uvuni. Wophunzira wina, Tamara, amene amafufuza chuku cha mtedza wa alimi a ku Chipangali, anati, "A Phiri, lero kwatani muno? Thukuta likudonthera m'ntchito yanga." Ndinati mwanawe usadandaule, ndinayatsa mafani onse, ndi kubweretsanso ena awiri a ku ofesi. Magetsi a boma anali atapita kale, nyumba ikudalira mabatire a sola. Ine zimenezo ndinaziganiza? Ayi ndithu.

Alendo anafika masana, ine nditavala jekete ya kutchalitchi, ndaima kutsogolo. Mayi Zulu anayamba kufotokoza monyadira: "Nyumba iyi imapuma yokha. Mphepo yozizira imalowa pansi, yotentha imatulukira m'mwambamo, ndipo zomera za kumadzulo zimatchinga dzuwa. Sitifuna makina oziziritsira, magetsi timasungira mafiriji." Analoza m'mwamba. Onse anayang'ana. Makatoni a sopo, mzere wonse, lina lolembedwa mtengo wake. Mayi Zulu anathamangira pawindo, khoma lili mbee, dzuwa likuwomba pagalasi. Nthawi yomweyo firiji yosungiramo mtedza wa Tamara inayamba kulira, mabatire atha.

Mayi Zulu anafunsa, "Wachita izi ndani?"

Choipa nchakuti ine ndinali nditasuntha kale kutsogolo alendo akulowa, kudikira kuyamikiridwa. Ndikanabisala kuti? Ndinati, "Ndine, mayi, ndimati ndithandize." Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinaganiza za ana anga, ndinati ntchito yapita basi. Ndinakwera makwerero ndi jekete yomweyo, kuzula makatoni alendo akuonerera, mmodzi mpaka anandigwirira makwerero. Tamara anathamangitsa mtedza wake ku firiji ya nyumba ina, mwamwayi sunawonongeke, koma sabata yonse sanandipatse moni.

Sanandichotse. Mayi Zulu anangoti ndidzalenso zomera zija ndi manja anga, ndizithirira mpaka zifike padenga. Pano zafika m'chiuno. Ophunzira akandiona ndi keni yothirira amafuula, "A Tsekani, mwadzuka bwanji?" ine nkumayankha, nanga nditani?

Kuyambira pamenepo sinditseka bowo lililonse ndisanafunse. Mvula yoyamba itagwa, denga lathu ku Kapata linayamba kudontha pabedi penipeni, amake ana anati, "Bambo, kwerani mukamate." Ine ndinangosuntha bedi nkunena kuti, "Dikirani kaye amayi, tifunse. Mwina ndi pulani."