Kusalaza Mapepala a Kwaya

Lolemba
Mapepala makumi asanu auma! A makoko a nthochi, opanga ndekha, monga anatiphunzitsira kuntchito ku loji. Lamulungu likubwerali kwaya yathu ikuphunzitsa mpingo nyimbo yatsopano, ndipo ndinalonjeza pamaso pa onse kuti mawu ake adzalembedwa papepala la ku Kande konkuno.

Ndatenga limodzi kupita nalo ku Chintheche kwa a Longwe, amene ali ndi printa. Alisisita ndi chala. "Ada, ichi n'chiguduli. Inki igwera m'maenje."

Nsanje basi. Komabe zilembo zatuluka ngati nyerere zopondedwa.

Lachiwiri
Kufakitale amati pepala amalipanikiza pakati pa zitsulo zogudubuzika mpaka lisalale. Ine ndili ndi botolo, thabwa, mikono iwiri. Pepala limodzi, ola lathunthu. Lasalala pakati pokha. Chiyambi chabwino.

Lachitatu
Khumi ndawaika pakati pa matabwa awiri, dalaivala wa ku loji wapondapo ndi galimoto kanayi. Anayi ang'ambika. Thabwa lathyoka. Otsalawo ngati a m'sitolo!

Lachinayi
NyaMhone, mkazi wanga, waima pakhomo. "Kodi malaya anu a kutchalitchi ndimawalimbitsa n'chiyani?"

Ufa wa chinangwa! Ndaphika kaphala kamadzimadzi, ndapaka papepala, ndasita ndi simbi yamakala. Kunyezimira kwake! Ndapakanso, ndasitanso. Kukwaya ndidzati nzeruyi ndi yanga.

Lachisanu
Onse apakidwa katatu, asitidwa katatu. A Longwe asindikiza. Zilembo zakuda bii, kalikonse kooneka bwino.

"Koma ada, mwasalaza mopitirira. Inki ilibe polowera."

Munthu ameneyu sakhutira.

Loweruka
Ndawayala nyumba yonse, patebulo, pabedi, pamipando. Wogwira palibe. Tadyera panja. Alembi a mpingo abwera kudzaona, ndawauza aike manja kumbuyo. "Ngati kalendala!" Ndavomera modzichepetsa.

Lamulungu
Tchalitchi chadzaza. Kutentha, thukuta kamukamu.

Vesi loyamba mpingo wayimba mokweza, ine mtima m'malo. Vesi lachiwiri lasamukira kuzala za anthu. Lachitatu ndaliona pamphumi pa abusa ndi pamabulauzi oyera a amayi a kutsogolo. Kwaya yamaliza yokha.

Amayiwo abweretsa mabulauzi asanu ndi anayi kunyumba. NyaMhone wangondilozera beseni.

Koma za pepala lenilenilo palibe wadandaula. Onse abweza, osalala, oyera mbee, osatsala chilembo n'chimodzi chomwe.