Pulagi ya Boti la a Mhango

Nkhani iyi ana anga sindinawauzepo chifukwa cha manyazi, koma poti a Mhango akuifalitsa kale, bola muimve kwa mwiniwake.

Nditangopuma pantchito, mayi a kunyumba anapita ku Mzuzu kukalera mdzukulu. Ndinatsala ine ndi wailesi. Ku Area 43 kuno mipanda ndi yaitali. Umangomva geti la mnzako likutseguka, galimoto n'kudutsa, basi. Tsiku linkatha pakamwa panga pasanatuluke liwu.

Ndiye a Mhango, neba wanga amene tinkangokwezerana dzanja pamsewu, atagogoda pageti ndinasangalala ngati mwana. Anati akupita ku Joni kukaona mwana wawo, ndipo amafuna munthu woti aziyang'anira boti lawo la injini, limene linkakhala pakangolo kuseri kwa galaja. Ndinavomera asanamalize n'komwe. Ndinadziperekanso kuti ndilipenta kunsi kumene penti inasupuka, chonsecho boti ndinali ndisanalikhudzepo chibadwire.

Akundipatsa makiyi anati, "Chachikulu, a Kamanga, muchotse pulagi. Mvula yayandikira."

"Zimenezo musadandaule, timazidziwa," ndinatero.

Nanga ndani sadziwa kuti nyengo ya mphenzi timazula mapulagi? Ndinalowa m'galaja, n'kupeza pulagi imodzi yokha pakhoma, ya fuliji yaikulu. Ndinaizula.

Kenako ndinatsikira ku Old Town kukagula penti ndi sandipepa. Ndinapala, ndinapaka, boti n'kuyamba kuwala. Kumbuyo kwake, pansi penipeni, ndinapeza kachitsulo kotseka kabowo. Ndinakamanga zolimba ndi sipanala, n'kukamata penti yambiri kuti madzi asadutsepo. Masana ndinkakwera m'botimo ndi kapu ya tiyi, n'kumalifotokozera nkhani za ku ofesi. Silinanditsutsepo.

Mvula itayamba ndinangokhala kwathu. A Mhango ataimba foni kufunsa za pulagi, ndinawauza monyadira kuti ndinachotsa tsiku lomwe ananyamuka.

Atabwerako anandiitana. Fungo ndi limene linandilandira pageti. Boti linali litadzaza madzi mpaka kusefukira, matayala a kangolo ataphwa, achule akuimba mkati. Mu fuliji, chambo chonse chimene anasungira ukwati wa mphwawo chinali chitasanduka phala.

A Mhango sanakalipe. Anagwada kumbuyo kwa boti, n'kundilozera kachitsulo kaja. Anandifotokozera mofatsa kuti pulagi ndi imeneyo, ndipo amaichotsa kuti madzi a mvula azituluka. Anayesa kuimasula, koma penti yanga inali itagwira kwambiri. Anaimirira, n'kupukuta manja pathalauza.

"A Kamanga, zaka zonsezi ndakhala ndikusowa mpata wopita nalo kunyanja. Inu mwandibweretsera nyanja pakhomo. Nsomba zokha ndiye mwaziphera kumtunda!"

Munthu ukasowa wocheza naye, "ndamva" amatuluka msanga kuposa "mwati chiyani?"