Mabatani a Telala Pawindo Langa

Pamdadada pathu aliyense ankadziwa kuti malemu a Telala amayenda ngati akuthamangitsidwa ndi galu wosaoneka. Amene sindinkadziwa ndi ine, mlendo wongosamukira kumene, ndili ndi khanda la miyezi iwiri, bambo ake akugwira ntchito kutali.

Ndinayamba kuwamva m'mawa wina: khwe, khwe, masilipasi kudutsa pakhomo panga. Kenako zii. Kenako kanthu kuti "te!" pawindo. Nditasuzumira ndinaona bambo wamkulu, mimba patsogolo, tepi yoyezera m'khosi, akupuma ngati pampu ya njinga. Atachoka ndinapeza batani lofiira pawindopo.

Ndinamvapo kuti oba ana amayamba aika chizindikiro panyumba. Ndinalitola ndi pepala, osati ndi dzanja, n'kuliponya m'chitini. Posakhalitsa, khwe, khwe, te! Lina. Ndinatolanso. Tsiku limenelo bamboyo anadutsa mpaka dzuwa kufika pamutu. Mwana ndinkapita naye ngakhale kubafa.

Patatha milungu itatu ndinatopa ndi mantha. Ndinawadikirira ndi mpini wa tsache.

"Bambo, mwana wanga mukumufuna chiyani?"

"Mwana uti, mayi? Ine ndikufuna mabatani anga!" Anatsamira khoma, thukuta kamukamu. "Bipi yanga inafika padenga. Adokotala anati ndizizungulira mdadada uno kakhumi tsiku lililonse. Ndikazungulira kamodzi ndimaika batani apa, poti nyumbayi inali yopanda munthu. Koma masiku ano ndikafika, palibe! Ndiye ndimayambiranso."

"Osangowerenga m'mutu bwanji?"

"Mutu uwu? Unasokapo thalauza la miyendo itatu."

Kani anali atakayikira kale dziko lonse. Anayamba ndi akhwangwala, mpaka kuwalalatira pamawaya a magetsi. Kenako mlonda wapageti. Pomaliza akazi awo enieni: ankati mayiwo akufuna kuwapha ndi ulendo kuti atenge makina osokera. Mayiwo akuti anangoyankha kuti, "Makina akewo amene amalira ngati mbuzi?"

Ndinatulutsa chitini chija manyazi atandigwira. Anachigwedeza, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye mfiti yake ndinu."

Sabata yomweyo anapita kuchipatala. Anesi atawayeza anadabwa kuti bipi yatsika. A Telala anakana. Anati makinawo ndi achinyengo, awayeze mkono winawo. Atawayezanso anafuna kuti ayeze anesiwo, aone ngati makinawo sakondera. Pobwerera anagogoda kwanga.

"Muzibabe, mwana wanga. Awiri kapena atatu patsiku. Koma musandiuze."

Ndinakhala wakuba wawo zaka ziwiri. Akadutsa ankaloza windo ndi chala, n'kukuwa kuti, "Pano pali mbava!" Mwana wanga ankaseka mpaka ntchofu kutuluka.

Maso awo anali a telala, sankaphonya muyeso. Tsiku lina anaona mapazi anga otupa ndi kabotolo ka mapiritsi patebulo.

"Inunso?"

Ndinavomera. Bipi yanga inakwera ndili ndi pakati ndipo sinatsikenso. Nanenso adokotala anandiuza kuti ndiziyenda, koma ndinkaopa kugwa panjira mwana ali kumbuyo.

"Ndiye mukagwera m'nyumba mutakhoma chitseko, amutsegulire ndani? Tiyeni."

Ndinati mawa. Mawalo linakhala mawa mpaka chibayo chinawatenga mwezi watha.

Panopa m'mawa pamdadada pamangoti zii. Akhwangwala amakhala pamawaya popanda owatukwana. Mwana wanga amakwera pampando n'kumapapasa pawindo, osapezapo kanthu. Usiku ndimamva mtima wanga ukugunda m'makutu, n'kumamuyang'ana ali mtulo.

Dzulo akazi awo anabwera ndi chitini chija, chodzaza.

"Anati ndikupatseni. Anati mukanena zoti mawa, ndikulandeni."

"Nanga ndikagwa, amayi?"

"Ndikhala pawindo pompano ndi mwanayu. Ndiziona."

Ndatsuka nsapato zanga zakusukulu, zikundikwanabe. Ndasankha mabatani khumi, lofiira lija pamwamba. Ndiyamba ikamakwana sikisi. Ndawachenjeza mayiwo kuti ine ndimatha kuwerenga m'mutu, koma angoseka, n'kundionetsa thumba lalikulu la diresi lawo.