Ndinakwecha Ndere za Alamu

Mayi akunyumba akafuna kundikhalitsa chete pagulu, amangotchula nsomba. Lero ndiulule ndekha, mwina manyazi angachepe.

Alamu anga, achimwene a mayiwa, anagwira ntchito zaka zambiri ku Debeni, ku Joni kuja, m'sitolo ya nsomba zongoonera. Anzawo pobwerera kumudzi amanyamula mabulangete, koma iwo anafika pa Nsipe ndi thanki yagalasi, nsomba zamawangamawanga za m'nyanja yamchere, ndi timiyala timene ankati n'tamoyo (sindinatsutse, mkamwini satsutsa). Kunsi kwa thankiyo kunali zosefera madzi ziwiri zoyendera sola. China chinali kasefa kounikidwa ndi getsi, kongomera ndere. Chinacho ankachitcha sikima, chinkawira thovu n'kumalavulira zakudazakuda m'kapu. Ankafuna aone chosefa bwino n'chiti, moti mlendo aliyense ankayamba walalikidwa za ndere ndi thovu asanapatsidwe mpando.

Abwana awo atafuna wantchito wina, alamu anati adzatenga ine, bola aone kaye manja anga. Ndinayamba kuyenda mothimbwidzika ngati Joni ndafika kale. Mayeso anadza iwo akupita kumaliro ku Kandeu.

"Mungozipatsa chakudya, alamu. Zinazo musakhudze," anatero ponyamuka.

Kudyetsa kokha ndinakuona kuchepa kwa munthu wofuna ntchito. Nditasuzumira kunsi kuja, ndinagwira pakamwa. Ndere yokhayokha, m'nyumba ya munthu woyenda! Kwathu ndere ikamera mumtsuko, mudzi wonse umakunena. Ndinazula kasefa kaja, ndi phulusa, ndi mchenga, ndi sopo waufa, kukwecha mpaka mbee.

Kenako kapu ija. Fungo lake likanagwetsa ntchentche. Koma ndinakumbukira kuti mchere wa madziwa umachokera ku Joni, ndiye kutaya ndinaona ngati tchimo. Ndinakhuthulira zonse muthanki, kapu n'kuitsukanso ndi sopo (osaseka, ndinkasamala katundu wa eni).

Posakhalitsa sikima anachita misala. Thovu linatuluka m'kapu, linatsika pansi, linadutsa pabalaza mpaka kukalonjera nkhuku pakhonde. Mayi akunyumba polowa anandifunsa ngati ndachapiramo zovala. Apo n'kuti nsomba zina zitayamba kusambira chagada. Zotsalazo ndinati ndizipulumutse, ndinaziwolera m'beseni la madzi oyera bwino apamjigo. Amenewo ndi amene anamaliza ntchito.

Alamu anafika jekete lamaliro likadali m'thupi. Anayang'ana beseni, anayang'ana kasefa kowala, anayang'ana ine. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifotokozera mwaulemu kuti ndere ija ankachita kuilima kuti izidya zonyansa za m'madzi, pomwe kapu ija inali chimbudzi cha nsomba.

"Ndiye kuti mwatentha munda, chimbudzi n'kukhuthulira m'nyumba," anatero. "Ndachoka pamaliro, ndafikira pamaliro."

Apongozi, pofuna kuziziritsa mitima, anafunsa ngati tingazikazingeko poti mchere zili nawo kale. Alamu anatuluka panja, ndipo ndinamva munthu wamkulu akufwenthera kuseri kwa nkhokwe. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ku Debeni alamu anatenga mphwawo, munthu woti chibadwire sanatsukepo ngakhale mbale yodyera yekha. Akuti abwana amamukonda kwambiri poti sakhudza kanthu. Ine ndikadali pano, ndikulima kachewere n'kumakagulitsa pa Lizulu. Ndinaphunzira kumva zimene wauzidwa, koma ndisaname, mumtima ndimanenabe kuti ndere ija inali uve.